Chomata cha ku Chikala pa Nsalu ya Chipani

Ana inu, mundilezere mtima, dzanja langa ndi lochedwa. Cholembera ndinachigwira ndili kale ndi imvi, ku sukulu ya kwacha kuno kwa Nsamala, pa benchi limodzi ndi amayi oyamwitsa amene ankandiseka zilembo zanga zikamayang'ana kumbuyo. Inu mumalemba ndi zala ziwiri pa foni, liwiro ngati nkhuku pa mapira, koma mukamaliza palibe chimene mwanena. Ine ndichedwa, koma ndinena.

Pali kachitsamba kena kamene kuno ku Balaka simudzakaona, chifukwa kuno n'kotentha ndipo iko kamakonda nkhungu. Kamamera pamwamba pa phiri la Chikala, kwa Mposa, kwawo kwa mkazi wanga, anganga anu, m'mbali mwa timitsinje tozizira. Dzina lake la m'mabuku sindilidziwa. Ife tinkangoti chomata cha m'phiri. Masamba ake ndi aubweya, a mano m'mbali, aakulu ndi aang'ono mosinthana. Mvula ikakhwima kamatulutsa phesi lalitali lodzaza timaluwa tachikasu. Chilimwe kamauma ngati kafa, koma muzu umakhala wamoyo pansi, ndipo mvula ikagwa kamaphukanso pomwepo, chaka ndi chaka. Maluwa akayoyoka pamatsala timbewu tokhala ndi timinga topindika ngati mbedza. Musakasokoneze ndi chisoso. Chisoso n'chaulemu, ukachisasa ndi dzanja chimagwa. Ichi iyayi. Chikagwira nsalu chimachoka ndi ulusi.

Apongozi anga ankaphika muzu ndi masamba ake kwa mwana wotsegula m'mimba. Madzi ake ndi ofiirira, amamanga pakamwa ngati nthochi yosapsa. Lero mwana akadwala mumakwera kabaza, mumakalandira timapaketi tosungunula m'madzi, ndipo muzitero ndithu, musandimve molakwa. Ife kachipatala kathu kanali kutali, ndipo nthawi zina unkafika n'kupeza mashelefu okha.

Kwa Mposa ndinapitako ngati mkamwini. Ndinali wogulitsa matemba a ku Chilwa. Ndinkamanga dengu lalikulu kumbuyo kwa njinga n'kupalasa mpaka pa Ntaja, m'thumba muli chinangwa chootcha. Njinga imeneyo inali yolemera ngati ng'ombe, mabuleki a zitsulo, ndipo chubu chikaphulika tinkatsendera udzu m'tayala n'kupitirira. Inu njinga ikangolira pang'ono mumaikankhira kwa wokonza. Koma tisiye za njinga. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mkamwini analibe mawu. Munda ndi wa akazi ako, nyumba ili pa dothi la apongozi, ana ndi a malume awo. Pamsonkhano unkakhala kumbuyo.

Ndiye chipani chitayamba kulemba anyamata, n'kuwapatsa malaya ofiira, ndinalowa. Malaya amenewo anandipatsa mawu tsiku lomwelo. Anthu amene sankandiyankha moni anayamba kuvula zipewa. Zimene ndinachita nditavala malayawo m'misika ndi m'njira zilipo, ndipo zina zimandichotsera tulo mpaka lero. Zimenezo ndi za ine ndi Mulungu. Sindikulemberani pano.

Zaka zimenezo kunali chipani chimodzi ndi mwini dziko mmodzi, amene dzina lake sunkalitchula mwachisawawa. Kunamveka kuti m'mapiri mukubisala zigawenga, ndipo lamulo linabwera loti munthu asakwerenso Chikala. Ine chigawenga sindinachionepo. Ndinkaona anyani. Koma tcheyamani wa m'mudzi mwathu, Che Daudi, anapeza njira yodziwira wokwera phiri. Anaima pamsonkhano n'kunena kuti chomata sichimera kudambo kapena m'minda, choncho aliyense wopezeka nacho pa chovala wachokera kopereka chakudya kwa adani a boma. Sanali kuopseza chabe. Mkulu wina wofula njuchi anamupeza nacho pa buluku, galimoto inamutenga, ndipo anabwerako ana ake atakula. Pomukweza galimotoyo ndinalipo.

Chaka chimenecho mvula itangotha, mwana wathu, azakhali anu a Halima, anadwala. Eya, a Halima omwewa amene lero amakukalipirani mukalowa m'nyumba ndi nsapato. Anali kamwana koyamba kumene kuyenda. Anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, liwombo kugwa. Ku chipatala tinapita, tinabwerako ndi mapilisi ochepa, koma sizinasinthe. Apongozi anali atamwalira chaka chathacho, ndipo mizu imene anasiya patsindwi inali itatha.

Lachitatu m'mawa anganga anu, Abiti Yusufu, anandiimirira pakhomo ndikumanga mabatani a malaya ofiira.

"Bambo a Halima, mupita inu kapena ndipite ine?"

"Kuti?"

"Musandifunse ngati mlendo."

"Tidikire kaye. Mwina pofika mawa asintha."

Anandiyang'ana kuyambira pa kolala mpaka kumapazi, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku limenelo ine ndi anzanga tinali pa ulonda pansi pa mtengo wa mango, pamene njira ya kuphiri imapatukira. Dzuwa litakwera pang'ono ndinaona mayi akubwera, atavala nsalu ya chipani. Inu simunaione nsalu imeneyo. Mayi aliyense ankayenera kukhala nayo yovala povina pamisonkhano, ndipo pakati pake panali nkhope ya mwini dziko. Sunkaberekera mwana, sunkakhalira, sunkapukutira manja. Ndipo mayi wovala nsalu imeneyo palibe mnyamata amene ankamugwira kapena kumusecha. Mayiyo anali anganga anu, ndipo ankadziwa zimenezo.

Mnzanga wina anandigunda ndi chigongono. "Alamu, koma inu munakwatira chipani chenicheni! Ngakhale Lachitatu avala nkhope?"

"Ndikukaitana amayi a kumtunda," anatero anganga anu osaima. "Loweruka kubwera alendo a ku boma, nyimbo sitinazigwire. Kapena mukavine ndinu, a miyendo ngati ya kakowa?"

Anyamata anafa nacho chiseko. Ine ndinaona kansonga ka khasu laling'ono katatukula nsalu m'chiuno mwawo. Iwo anadutsa osandiyang'ana.

Anabwerera dzuwa litapendeka, kudzera m'minda ya chinangwa, mizu ndi masamba zili m'bulauzi. Koma chomata chimamera mothithikana, ndipo kuti ukumbe muzu umayenera kugwada pakati pake. Nsalu yonse inadzaza. Pochita mantha anaivula m'munda, n'kuipinda zomatazo zili m'kati, n'kuipsinja kukhwapa. Pamenepo ndiye timinga tinaluma mbali zonse ziwiri.

Mankhwala anaphika, mwana anamwa. Lachinayi lonse tinatseka chitseko n'kukhala pa mphasa, nsalu ili pakati. Tinayesa singano, tinayesa chipeso, tinayesa munga wa mtete. Chilichonse chimene tinkachotsa chinkatuluka ndi ulusi wake. Pomaliza zomata zinatha, koma tsaya la mwini dziko ndi diso limodzi zinali zitayera, ulusi utaima ngati ubweya wa mbuzi. Munthu wakhungu yekha ndi amene sakanaona.

Mungafunse kuti bwanji sitinaiotche. Ana inu, mayi wosowa nsalu pa tsiku la alendo ankafunsidwa mafunso oposa wa nsalu yowonongeka. Yatsopano inkachokera m'manja mwa mkazi wa tcheyamani, Abiti Selemani, amene anali mtsogoleri wa amayi. Ndipo mayi ameneyu anali ndi chizolowezi chake. Tsiku loti mawa kuli msonkhano, amayi onse ankachapira limodzi nsalu zawo kumtsinje, n'kuziyanika pa miyala, ndipo zikauma iye ankaziyendera imodzi imodzi. Kukwera phiri unali mlandu. Kukanda nkhope ya mwini dziko unali mlandu wina, woposa woyambawo. Anganga anu anali nayo yonse iwiri.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza akusanja zinthu pa thandala: chikho cha mankhwala, kasupuni, ufa wa phala.

"Akanditenga," anatero, "muzimumwetsa m'mawa ndi madzulo. Phala lisalimbe. Akakana supuni, mum'patse ndi chala, amalola."

Sanalire, sanandinyoze. Bola akanandinyoza. Ananyamula nsalu yawo n'kupita kumtsinje ndi anzawo. Nsalu ikanyowa ulusi umagona, chilema sichioneka. Chinkadikira dzuwa basi.

Ndinasiya mwana kwa mlamu wanga, ndinavala malaya ofiira, ndinatenga thumba la chiguduli. Anzanga pa mango paja ndinawauza kuti ndamva za mapazi achilendo, ndikukayendera njira. Ndani akanaletsa wa malaya ofiira? Ndinakwera. Pamwamba paja mphepo ndi yozizira ngakhale masana, ndipo ukacheuka umaona Chilwa yense ali mbee ndi minda ya mpunga m'mphepete. Chomata ndinachipeza pamene anakumba anganga anu, dothi likadali lofiira. Ndinakulunga sanza kudzanja n'kumapulula mapesi kuchokera pansi kukwera, mpaka thumba linalemera.

Ndinatsika nthawi ya swala ya Lachisanu. Amuna onse anali mu mzikiti, amayi atabwerera kukaphika. Kumtsinje kunalibe munthu. Nsalu zinali ndandanda pa miyala ndi pa udzu, nkhope zonse zitayang'ana kumwamba. Ndinayamba ndi ya Abiti Selemani, chifukwa ndinkaidziwa, inali ndi mpendero wa pa makina. Ndinawaza zomata ngati wofesa mpunga, n'kumapsinja ndi chikhatho. Sindinasiye ngakhale imodzi. Ya amayi ake a tcheyamani, ya achemwali ake, ya mkazi wa shehe, ya anganga anu yomwe. Thumba ndinalikwirira mumchenga, ndinasamba m'manja, n'kukaima kuseri kwa mzikiti ngati wochedwa swala.

Mungaganize kuti kunamveka mfuu. Iyayi. Mtsikana wina anabwera n'kunong'oneza a tcheyamani pa khomo la mzikiti, ndipo tonse tinawatsatira kumtsinje. Amayi anali ataima chete, aliyense pafupi ndi nsalu yake, manja pamutu. Agogo ena, amene analibe mano ngakhale mphamvu yokwera chulu, anakhala pansi n'kuyamba kugawira adzukulu awo nkhuku ndi miphika, kutsanzika. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga, ndipo amene anawachititsa mantha amenewo ndine. Ndikudziwa.

Che Daudi anakuwa, mkanjo ukuuluka. "Ndani wachita zimenezi? M'mudzi muno muli chigawenga!"

"Chilimo," anatero Abiti Selemani, "ndipo munachikwatira ndinu. Onani yangayi."

"Amayi, ino si nthawi ya nthabwala."

"Ndani akuseka? Munanena nokha kuti wopezeka nacho wakwera phiri. Ndiye galimoto ikabwera mawa ndiyamba kukwera ndine, kenako achemwali anu, kenako amayi anu ali apowa. Muwathandize kukwera, mawondo awo ndi ovuta. Inu mutsale muzisinja."

"Ndikufuna amene wawaza!"

"Mufuneni. Mukamupeza mukanene ku boma kuti nkhope za mudzi wonse zinawonongeka inu muli tcheyamani. Akakuthokozani."

Che Daudi anayang'ana ife anyamata, ife tinayang'ana mchenga.

Abiti Selemani anawomba m'manja. "Khalani pansi nonse. Wina asatole yake. Aliyense atenge ya mnzake, kuti pasadzapezeke wonena kuti uje anakanda yake. Tikamaliza tiunjika pamodzi, aliyense atola imene yam'fikira. Amuna chokani, mwaona zokwana."

Zotsatira anandiuza anganga anu. Akuti nsalu yawo inagwera m'manja mwa Abiti Selemani mwiniwake. Anaitambasula, n'kuona kuti pansi pa zomata zatsopano tsaya linali lokandika kale. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, osatukula mutu, anafunsa chapansipansi:

"Abiti Yusufu, Halima ali bwanji?"

"Wayamba kulandira phala."

"Alhamdulillah."

Anamaliza kutola, n'kuiponya pa mulu.

Musaganize kuti kunyumba ndinalandiridwa ndi nthungululu. Anganga anu anafika zala zili magazi, anatseka chitseko n'kundiima pamaso.

"Ndinu."

"Ndine."

"Mwaika amayi a mudzi wonse pakamwa pa ng'ona chifukwa cha ine mmodzi? Agogo aja mwawaona? Akanatitenga tonse?"

"Sakanatha. Galimoto yawo ndi yaing'ono."

"Musandiseke, bambo a Halima!"

"Sindikuseka. Lachitatu ndinakhala pansi pa mango inu mukudutsa. Lero sindinakhale."

Anaona zomata zili ku miyendo ya buluku langa, kumbuyo konse, pakuti ndinali nalo limodzi lokhalo. Anatenga singano kuti achotse. Ndinakana. Ndinawauza kuti alendo akaona nkhope zokandika n'kuyamba kufunsa amayi, ine ndidzatuluka pa mzere n'kuwaonetsa buluku, nkhani ithere pa ine. Anandiyang'ana, anabweza singano pa tsindwi, ndipo tsiku limenelo sanandilankhulenso.

Loweruka bwalo linaseseredwa, ng'oma zinawambidwa pa moto, mpunga wa alendo unali pa mafuwa. Amayi anaima mbali imodzi, aliyense atavala nsalu ya mnzake. Ife a malaya ofiira tinandanda m'mbali mwa msewu. Che Daudi, atavala jekete ndi tayi, ankayendera mzere, kuwongola kolala ya uyu, kukalipira uyo. Atafika kumbuyo kwanga anaima. Ndinamva mpweya wake pakhosi.

Kutali, cha ku msewu waukulu, fumbi la galimoto linali litayamba kuoneka.

"Mkamwini," ananong'ona. "Ndiwe."

"Ndine, a Tcheyamani."

"Chotsa msanga."

"Iyayi."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati iyayi. Akafunsa za nsalu, liwayankhe ndi bulukuli."

"Wapenga? Akaona mnyamata wanga ali ndi zimenezi, ayamba ndi ine! Afunsa kuti wakwera liti, unali ndi ndani, thumba linapita kuti. Afika kwa akazi anga. Afika kwa ako!"

"Ndiye muone chochita. Lamulo la chomata munaliika ndinu."

Anayang'ana fumbi, anayang'ana amayi. Abiti Selemani anali atapinda manja, akumuyang'ana. Kundichotsa pa mzere sakanatha, chifukwa alendo ankadziwa kuti anyamata ake ndi angati, ndipo ine ndikanakuwa. Kundimenya sakanatha, galimoto inali itayandikira. Munthu amene ankakweza anzake galimoto chifukwa cha kambewu kamodzi anakoka buluku lake m'mawondo, n'kugwada pa fumbi kumbuyo kwa mkamwini wogulitsa matemba. Anayamba kutola ndi zala zake, mudzi wonse ukuona. Timinga tinkamulasa, ankatukwana chapansipansi m'Chiyao, n'kumaika zomatazo m'thumba la jekete lake pakuti panalibe pena pozitaya. Oimba ng'oma anasiya kuimba. Palibe anaseka, koma ndinamva amayi ena akutsokomola chifuwa chimene analibe.

Ataimirira, mawondo ali mbuu, anandiuza kukhutu: "Dzuwa la mawa lisakupeze m'mudzi muno."

"Ndamva, a Tcheyamani," ndinatero. "Mwasiya kamodzi kuseri kwa bondo."

Anagwadanso.

Alendo anafika, amayi anavina. Abiti Selemani anayambitsa nyimbo zopondaponda zokhazokha, ndipo fumbi linakwera mpaka nkhope zonse, za pa nsalu ndi za anthu, zinafanana. Alendo anawomba m'manja, anadya mpunga ndi nkhuku, anayamikira mudzi wokhulupirika. Galimoto inabwerera ku boma itanyamula mbuzi ndi matumba a mpunga. Munthu sinanyamule.

Malaya ofiira ndinawasiya atapachikika pa mango paja. Wothamangitsidwa ndinali ine ndekha. Anganga anu akanatha kutsala, mudzi unali wawo, munda wa mpunga unali wa amayi awo, ndipo abale awo anawauza kuti mkamwini amapezeka wina. Koma m'mawa ndikumanga katundu pa njinga, ndinawaona atabereka Halima, mphika uli pamutu, mizu yotsala ili m'kansanza. Anadutsa pafupi nane n'kunena kuti, "Tiyeni, dzuwa likwera," ndipo anatsogola. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinafika kuno kolima thonje, kumene sitinkadziwa munthu. N'chifukwa chake inu munabadwira ku Balaka.

Kwa Mposa alipo amene makolo awo anawauza kuti ndinaseweretsa miyoyo ya amayi awo, ndipo sakunama. Agogo ogawa nkhuku aja anamwalira osandiyankhanso moni. Chaka chatha ana a Che Daudi anatuma munthu kudzandiuza kuti ndakalamba, ndipite ndikapepese ku banja lawo chifukwa chogwaditsa bambo awo pagulu, kuti ndidzafe wopepuka. Ndinamupatsa mpando, ndinamupatsa tiyi. Ndinamuuza kuti zopepesa ndili nazo zambiri, ndipo makomo oti ndikagogode ndikuwadziwa, kuyambira kwa ana a wofula njuchi uja. Koma khomo la Che Daudi palibepo. Mkazi wanga sanakwere galimoto ija, ndipo anandiphikira mpaka tsitsi lake linayera. Akafuna ndikagwade, abwere adzandinyamule, ndipo adzapeza mawondo anga ndi ouma.